Mwanabere wa Ursula m'Botolo la Kachasu

Mudzi wa Kalemba,
Sinda.
Lamulungu, 18 Ogasiti 2024.

Okondedwa akulu anga a Josephat,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino kumeneko ku Kitwe pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Ife kuno tilipo. Musadabwe kuona kalata chonsecho foni ndili nayo. Nyumba yathu mukuidziwa, munthu ukatsokomola kuchipinda wa pakhonde amamva, ndipo zimene ndifuna kukuuzanizi pakamwa zikukana kutuluka. Zilembo zanga muzipirire. Sukulu ndinalekezera giredi sikisi, ndipo dzanjali linazolowera pensulo ya pa thabwa.

Nkhani ndi ya mwana wanu Ursula. Paja ndinakuuzani za mwanabere amene anamutuluka pakhosi, pansi pa khutu la kumanzere, mwezi wa Meyi. Anayamba ngati nzama, kenaka anakula ngati dzira la nkhunda, ena ang'onoang'ono n'kumera pambali pake. Samapweteka ayi, ndipo mwanayo samatsokomola, koma chakudya anayamba kukana, diresi la chaka chatha n'kumamukhwepa. Mapiritsi anamwa maulendo awiri, osasintha. Tsono adokotala a pachipatala chathu anati achotse mwanabere mmodzi, atumize ku labu ya ku Katete akamuone mkati. Mawu akuti khansa sanatiuze ife. Anawanena m'Chingerezi kwa anamwino, koma ine ndinawamva.

Anamudula Lachisanu pa 9. Anamugoneka m'mawa, natiuza kuti pofika leveni akhala atadzuka. Akulu, leveni inakwana, thwelofu inakwana, fotini inakwana, mwana ali zii, milomo yotuwa. Mlamu wanu Fyness anangokhala pansi pa simenti atagwira mwendo wa bedi. Anadzuka cha m'ma fifitini, ndipo adokotala anapuma mpweya wautali n'kunena kuti thupi la mwanayu lafooka, mankhwala ogonetsa anamulemera, sangakonde kumugonekanso posachedwa. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ndiwo anandidya sabata yonse.

Madzulo ake anamwino anandipatsa kabotolo ka chivindikiro chofiira, kukula kwake ngati ka mafuta odzola. Mkati munali madzi oyera mbee, ndipo pansi pake panali kanyama ka Ursula. Anati galimoto imene imanyamula zinthu zotere inapita dzulo lake, ibweranso patapita masabata awiri, ndiye ngati ndingathe ndikapereke ndekha Lolemba. Anandiuza momveka bwino kuti, "Musatsegule, musaike padzuwa." Sindinganame kuti sindinamve. Fyness anatsala ndi mwana kuchipatala, ine ndinakwera njinga kubwera kumudzi kudzaona ng'ombe.

Loweruka m'mawa ndinapeza ngodya ya chikwama ili yonyowa. Msewu wathu uja ndi mabampu okhaokha, ndiye chivindikiro chinakhwepa pang'ono. Ndinati nditsegule kuti nditseke bwino, basi, monga mmene munthu amachitira ndi chigubu cha mafuta.

Akulu, fungo limene linatuluka m'menemo mukulidziwa. Mukumbukira chaka chatha mu Marichi ku Vubwi, pamene tinalowa awiri ku mochale kukaveka malemu atate? Maso anatiwawa, mphuno kuyabwa, inu n'kundigwira paphewa kuti, "Osward, limba." Bambo wa pamenepo anatiuza kuti ndi mankhwala osungira mtembo kuti usaonongeke mpaka abale a ku Malawi afike. Ndi fungo lomwelo, losasiyana ngakhale pang'ono. Ndinaima pakhomo ndi botolo m'manja. Ndinati, mwana wanga ali moyo, dzulo lomweli wandiitana kuti atate, ndiye nyama yake ikutani m'mankhwala a mitembo? Kapena a chipatala aona kale kuti sapola, akungotibisira? Kapena kanyamaka kakagona ndi akufa, mwini wake katsala pang'ono kumukoka? Mutu wanga unaima. Ndinapita kuseri kwa khola n'kukhuthula madzi onsewo pansi.

Nditabwerera m'nyumba ndi pamene nzeru zinabwera, zochedwa. Kanyama kaja kanali gone pansi pa botolo, kotuwa ngati chiwindi chophika. Ndinati iyi ndi nyama, kufika Lolemba inunkha. Ndinaganiza za mchere. Ndinaganiza zoyanika. Ndinaganiza za madzi a pa mjigo, koma nyama m'madzi imawola msanga. Kenaka ndinakumbukira ng'ombe ya atate ija, Bulaki, itachita mphutsi pabala, mmene anaitsukira ndi kachasu mpaka bala linauma. Ndinatenga botolo lopanda kanthu n'kupita kwa a Esnart, amayi aja amatcheza kumapeto kwa mudzi.

Ine chibadwire sindinalawepo mowa, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti ndimaimba besi m'kwaya. Ndinapeza azibambo atatu atayamba kale. A Esnart atandiona anaomba m'manja.

"Ha! Akwaya afika! A Osward, mwasochera njira ya kutchalitchi kapena?"

Ine ndinati, "Ndipatseni nambala wani, woyamba kudontha uja."

"Mwana ali m'chipatala, inu mukufuna nambala wani?"

"Ndi wa ng'ombe."

"Ng'ombe yanuyo imadziwa kusankha," anatero akuthira. "Muipatse moni, muiuze kuti isamamwe m'mimba mopanda kanthu."

Anaseka onse. Ine ndinangoyenda osacheuka. Ndinadzaza kabotolo ka Ursula mpaka pakamwa, ndinamanga chivindikiro ndi mphira wa njinga, ndipo mtima unakhala pansi. Ndimaona ngati ndakonza zinthu.

Lolemba ndinakwera basi ya ku Katete. Labu yake ili kuseri kwa mawodi, nyumba yaitali yosanja zipinda mumzere umodzi, ndipo kumapeto kwake kuli kawindo kolandirira. Pakawindopo panali amayi ovala magalasi ndi chovala choyera, dzina lawo a Rabecca Mvula, achikulire kuposa inu. Anawerenga dzina la pa pepala, anawerenga la pa botolo, anayang'ana mphira wa njinga uja, n'kundiyang'ana ine. Analowa nalo mkati. Sipanapite nthawi anatulukira pakhomo.

"Atate ake a Ursula, tabwerani kuno. M'botolo umu muli chiyani?"

Ndinanama, akulu. Ndinati, "Ndi mmene anandipatsira."

"Zaka naintini ndili muno," anatero. "Fomalini ndimamudziwa. Kachasu ndimamudziwanso, malemu amuna anga anandiphunzitsa bwino. Ngati ndi mmene anakupatsirani, ndiimba foni manjemanje, namwino amene wachita izi akayankhe kwa akuluakulu. Ndiimbe?"

Ndinaona m'maganizo nkhope ya anamwino aja, amene anakhala ndi Fyness pansi pa simenti Lachisanu. Ndinavula chipewa n'kuulula zonse, kuyambira ku mochale mpaka kwa a Esnart. Ndimayembekeza kuti andikalipira, koma anangovula magalasi n'kutseka maso kanthawi. Kenaka anayamba kundifunsa mofulumira ngati apolisi.

"Anamudula nthawi yanji?"

"Cha m'ma naini, Lachisanu."

"Munakhuthula nthawi yanji? Musandinamizenso, apa ndi pamene pagona mwana wanu."

"Loweruka, ng'ombe nditazitsekulira. Cha m'ma seveni."

Anawerenga pa zala. "Maola twente-thuu. Munakatsuka ndi madzi? Munakaika padzuwa? Mchere?"

Ndinakana zonse. Ndipo anandiuza chinthu chimene chinandichititsa manyazi kuposa kuseka kwa a Esnart. Anati mankhwala aja, fomalini, si a akufa. Ntchito yake ndi kuimitsa nyama kuti ikhale mmene inalili pa ola limene yachotsedwa, isasinthe, isawole. Ku mochale amagwiritsa ntchito pa chifukwa chomwecho. Anandilozera shelefu yodzaza mabotolo n'kuti, "Onsewa eni ake ali moyo. Ena ali kumsika pano tikunena, akugulitsa tomato." Anatinso mankhwalawo amalowa m'nyama pang'onopang'ono kuchokera kunja, ngati mmene mchere umalowera, ndiye funso linali lakuti pa maola amenewo anafika pakati kapena ayi. Pomaliza anandikalipira ndithu za kukhuthula kuseri kwa khola, kuti ndi poizoni, ndikafika ndikakwirire malowo ana ndi nkhuku asapondepo. Ndinakwirira.

Sindidziwa chimene chinawagwira mtima, koma anati, "Munthu amene anaopa chifukwa sanaone, aone. Imani apa pa mzere wachikasu, osaudumpha, osagwira kanthu."

Inu mukudziwa kuti ine ndikalowa m'nyumba maso anga amayamba kufuna matabwa. M'menemo mulibe thabwa ngakhale limodzi. Matebulo ndi achitsulo chonyezimira, pansi ndi posalala popanda mng'alu, pamene khoma likumana ndi simenti anapakhotetsa kuti pasakhale ngodya yosunga litsiro. Ndinafunsa, anati thabwa limamwa mankhwala ndipo silitsukika. Zipinda zake zimatsatana ngati makalasi. Chinthu chikalowa pakawindo chimapita chipinda choyamba, chachiwiri, chachitatu, osabwereranso m'mbuyo, kuti zauve zisakumane ndi zoyera, komanso kuti nyama ya munthu wina isasokonekere ndi ya mnzake. Pamwamba pa tebulo loyamba pali chifani chimene chimakoka mpweya kutulutsa kunja, n'chifukwa chake a Mvula maso sawawawa.

Anavala magolovesi, anatulutsa kanyama ka Ursula, anakayeza ndi rula, n'kulemba. Kenaka anatenga mpeni woonda n'kukadula pakati.

Kunja kwake kanali kolimba. Koma pakati, akulu, panali pofewa, poyera mwachikasu, ndipo mpeni utangokhudza panaphwanyika ngati chinangwa chophika chimene chapsa kwambiri. A Mvula anangoti, "Mmm."

Ndinati, "Kawola?"

"Ine sindine dokotala," anayankha osandiyang'ana. "Kaya ndi kuwola, kaya ndi china, galasi ndilo lidzanena."

"Nanga galasilo likakana?"

"Adzamudulanso."

Sindikumbuka kuti ndinatuluka bwanji. Chimene ndikumbuka ndi chakuti ndisanatuluke ndinawaona akuika tizidutswato m'timabokosi tapulasitiki tokhala ndi timabowo, n'kulembapo nambala ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka m'mankhwala awo. Nambala yake ndi 614. Anativiika m'fomalini watsopano kuti timalize tsiku limene ine ndinatilanda, n'kundiuza kuti ndibwere Lachitatu.

Ndinaimbira Fyness. Anali atatuluka m'chipatala, ali kunyumba. Ndinati, "Ndapereka, zonse zili bwino, koma akuti ndidikire konkuno." Zoti ndidikire palibe amene anandiuza. Ndimaopa kukaona bandeji pakhosi pa mwana ndikudziwa kuti pambali pake adzadulanso chifukwa cha ine, ndipo mwina ulendo uno osadzuka. Ndinakagona kwa a Shadreck, aja anandiphunzitsa ukalipentala pafupi ndi msika. Lachiwiri anandipatsa chitseko kuti ndipale, ndinachipala mbali imodzi mpaka chinapendekeka. Anandilanda puleni n'kuti, "Iwe, kakhale pansi, matabwa anga sanakulakwire."

Lachitatu ndinafika labu asanatsegule. A Mvula atandipeza pakhomo anati, "Mwagona pano?" Ndinati ayi, koma sanakhulupirire.

Anandionetsa makina a m'chipinda chachiwiri m'mene timabokosi tija tinagona. Ndi chinthu chozungulira chokhala ndi mitsuko khumi ndi iwiri, ndipo kadengu kamanyamuka kokha kuchoka mu mtsuko uwu kulowa mu winawo, maola oposa khumi ndi awiri. Ali ndi mabatire akeake a sola, chifukwa ndi mmene magetsi akuzimira chaka chino kadengu kakhoza kuima m'malere nyama n'kuuma. Anati cholinga chonse ndi kuchotsa madzi m'nyama kuti mulowe phula, pakuti phula ndi madzi sizigwirizana. Apo ndinamva msanga, chifukwa thabwa laliwisi silimwa vanishi. Mitsuko yapakati ndi ya sipiriti, woyamba wosungunula, wotsatira waukali pang'ono, mpaka womaliza wopanda ndi dontho la madzi. Kenaka pali mankhwala ena onunkha ngati thina wosungunulira penti, otsuka sipiritiyo, ndipo pomaliza phula lotentha.

"Mwaona?" anatero akugogoda mtsuko umodzi. "Mowa uli ndi malo ake muno. Koma umalowa pa nthawi yake, pang'onopang'ono, ndipo sitiugula kwa anzanu aja. Wanuwo unalowa mothamanga ngati mlendo wosaodira. Wakhwinyatitsa nyama, wailimbitsa. Muona mmene indivutire."

M'chipinda chachitatu anaika kachidutswa m'kachikombole kachitsulo, anathira phula losungunuka, anakakhazika bwino ndi kopanira, n'kuika pa chitsulo chozizira. Patapita kanthawi anagwedula kanjerwa koyera, kochepa kuposa bokosi la machesi, Ursula ali mkati mwake ngati ntchentche m'kandulo.

Tsono makina odulira. Akulu, imeneyo ndi puleni, kungoti mpeni umakhala chilili, chimene chimayenda ndi thabwa. Amapukusa chogwirira, kanjerwa kamatsika pa mpeni, n'kutuluka kachipalo koonda kuposa khungu la anyezi, koti ukapumira pafupi kamauluka. Za anthu ena zimatuluka zolumikizana bwinobwino ngati riboni. Ya Ursula inakana. Mpeni umadumpha, kachipalo kamang'ambika, china kumafumbutuka. Ine phokoso limenelo ndimalidziwa, ndi la puleni ikakumana ndi mfundo. A Mvula anaika kanjerwako pa ayezi wonyowa, anadikira, anayesanso, anasintha mpeni, anayesanso. Sanalankhule nane, amalankhula ndi kanjerwako. "Tiye mwanawe, usandichititse manyazi. Tiye." Pa mpeni wachitatu kanatuluka kariboni ka tizipalo tinayi tosang'ambika. Anakanyamula ndi kaburashi, anakayandamitsa pa madzi ofunda, makwinya onse n'kutambasuka, kenaka anakawola ndi kagalasi kuchokera pansi. Anachita magalasi atatu, n'kuwaika mu uvuni kuti agwire.

Pagalasipo sipamaoneka kanthu, ngati pangopumiridwa mpweya. N'chifukwa chake pali chipinda chachinayi, cha utoto. Kumeneko ulendo umabwerera chambuyo. Amachotsa phula ndi mankhwala a thina aja, kenaka sipiriti, mpaka kanyama kabwerere m'madzi, pakuti utoto umayenda ndi madzi. Pali timabeseni tambiri pamzere, ndi wotchi imene imalira. Utoto woyamba ndi wakuda mofiirira, ndipo anandiuza kuti umachokera mu mtima wa mtengo wina wa kutsidya kwa nyanja. Ndinadabwa kuti pomaliza m'nyumba yopanda thabwa muli mtengo. Atatsuka pa mpopi kanyamako kanasanduka kabuluu ndikuona. Utoto wachiwiri ndi wapinki. Kenaka sipiriti kachiwiri, thina kachiwiri, dontho la guluu, n'kuvindikira ndi kagalasi kena kopyapyala. Galasi limodzi analipatula, analithira utoto wina wofiira kwambiri, analitsuka ndi asidi mpaka kufiirako kunachoka, n'kulipaka buluu. Ndinafunsa kuti mukuthiriranji chinthu n'kuchichotsanso. Anati pali tizilombo tina touma mutu, tikagwira kufiirako sititaya ngakhale utsuke ndi asidi.

"Ndiye mwaona chiyani?" ndinafunsa.

"Ndaona kuti galasi latuluka. Kuwerenga ndi kwa adokotala, amabwera mawa. Inu bwerani Lachisanu. Ndipo mukadye, mukuoneka ngati odwala ndinu."

Lachisanu anandilowetsa m'chipinda chomaliza, choyera, chopanda fungo, muli makina oonera tizinthu tating'ono. Adokotala ake ndi bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anati, "Ndinu aja a kachasu?" Ndinati ndine. Anandikhazika pampando wawo n'kundiuza kuti ndiike maso pa timapaipi tiwiri.

Poyamba ndimangoona nsidze zanga. Kenaka kunayera. Akulu, m'kanthu kochepa ngati chikhadabo muli dziko. Timadontho tabuluu tosawerengeka, tothithikana ngati anthu pa mwambo wa Kulamba, ndi mizere yapinki pakati pake ngati tinjira. Anasuntha galasi, ndipo ndinaona bwalo lalikulu lapinki wotuwa, lopanda kadontho ngakhale kamodzi. Ndinadziwa kuti ndi pofewa paja.

Ndinati, "Apa ndi pamene ndinaononga."

"Ayi," anatero adokotala. "Zimene munaononga inu ndi izi za m'mphepetezi, mwaona mmene zakhwinyatira? Zandivutitsa, ndipo mukanakhuthula Lachisanu lomwelo bwenzi tikukamba zina. Koma pakatipa si inu. Taonani mmene timadonthoti tazungulirira, ngati mpanda. Nyama yowola m'botolo siimanga mpanda. Apa thupi la mwana limamenyana ndi matenda ali moyo, ndipo matendawa ndi amene amapha pakati chonchi."

Anasintha galasi, anaika lija lotsukidwa ndi asidi. Anafufuza nthawi yaitali, kenaka anati ndione. Pa buluu ponsepo panali timizere titatu tofiira, tating'ono ngati ubweya wa pa dzanja.

"Chifuwa chachikulu," anatero. "TB."

Ndinati, "Koma satsokomola."

"Sichikhala m'chifuwa mokha. Kwa ana chimakonda m'khosi. Si khansa, bambo. Mankhwala alipo, amwa miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa tsiku, ndipo ana ambiri amachira."

Ine zonsezo zimangodutsa. Ndinafunsa changa chimodzi. "Mumudulanso?"

"Timudulirenji? Yankho tapeza."

Akulu, ndinatsika pampando n'kukhala pansi pa simenti ya eni ake, bambo wamkulu, chipewa kumaso. A Mvula anandisiya kanthawi, kenaka anandigunda ndi phazi n'kuti, "Dzukani apa, ndakolopa m'mawa. Ndipo mukakauze a m'mudzi mwanu kuti botolo la chivindikiro chofiira satsegula. Ng'ombe yanu ija muiuzenso."

Tsono pali china chimene chikukhudza inu. Adokotala anafunsa ngati pakhomo panakhalapo munthu wotsokomola nthawi yaitali. Ndinati ayi, kenaka ndinakumbukira. Malemu atate anakhala kwathu kuno miyezi itatu asanabwerere ku Vubwi, akutsokomola, ife n'kumati ndi fodya wa chingambwe. Ursula samachoka pamiyendo pawo, amadyera mbale imodzi. Sindikunena kuti ndi iwo, adokotalanso sananene, koma anati aliyense amene anawadwazika akapimitse. Ine ndi Fyness tikupita mawa. Inu munagona nawo chipinda chimodzi masabata awiri omaliza. Chonde pitani, mutenge ndi alamu ndi ana, musati muli bwino chifukwa simukutsokomola. Muuzenso alongo athu ku Vubwi, ine foni yawo sikulowa.

Ursula wayamba mankhwala dzulo. Ndi osungunula m'madzi, amamwa akukwinya nkhope. Anandifunsa kuti chotupa chake ndinakachisiya kuti. Ndinati chili m'kanjerwa ka phula, m'dirowa, pa nambala 614, ndipo a Mvula akuti achisunga zaka zambiri. Anafunsa kuti n'chamtundu wanji. Ndinati chapinki ndi buluu. Akuti ndimugulire diresi lotero.

Chatsala ndi ichi. Nditafika kuno Lachisanu madzulo ndinapeza nkhani ya kachasu inafika kale. A Esnart sasunga kanthu. Fyness analandira pepala la chipatala, anawerenga kawiri, analira, anathokoza Mulungu, kenaka anandiyang'ana n'kuti, "Ine ndili pansi pa simenti ndi mwana, inu muli kwa a Esnart kufuna nambala wani. Ndiye masiku asanu ku Katete mumamwera kuti?" Chiyambire pamenepo amandilankhula za mankhwala a mwana basi. Lero kutchalitchi sindinaime m'kwaya, ndipo akulu a mpingo akuti akufuna kucheza nane Lachitatu.

Masiku awiriwa ndakhala ndikuyeza kuti chopepuka n'chiti, kuti azindiyesa chidakwa, kapena adziwe kuti ndinatsala pang'ono kubwezera mwana wake pa tebulo lija ndi manja angawa. Uchidakwa ndimaona ngati wopepuka. Koma a Mvula ndinawanamiza kamphindi kamodzi kokha, ndipo ndikanapitiriza, anamwino osalakwa akanavutika, ndipo maola aja sakanawerengedwa. Fyness ndamunamiza kuyambira Lolemba.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti juzi imene anatumiza ija Ursula sakuivula. Moni kwa Gilbert ndi Ruth, alimbikire sukulu asafanane ndi atate awo aang'ono. Ngati mubwera ku Kulamba kumapeto kwa mwezi uno, mudzatsikire pa Sinda, mudzamuone mwana wanu, mwina podzafika apo adzakhala atayamba kudya.

Kalatayi ipita ndi a Davison a pa basi Lachiwiri. Adiresi ya pa envulopu alemba ndi Fyness, chifukwa dzanja lake ndi labwino, ndipo amawerenga msanga kuposa ine. Ali panja akuchapa bandeji. Ndimuikira pa tebulo, ndipo envulopuyo sindimata.

Ndine mng'ono wanu,
Osward.